Msoko wa Mkati

Lolemba nsalu yatsopano inafika ku Salt River
itakulungidwa ngati mtembo wa munthu wolemera.
Titaifunyulula, Ruwayda anagwira pakamwa,
nati, iyi ndiye nyanja yeniyeni.
Ine ndinangoti chete.
Sinali nyanja ayi. Munali m'kati mwa chigoba cha pelemuni:
kubiriwira kothawira ku buluu,
buluu wothawira ku pinki,
mtundu uja wosakhazikika ukaupendeketsa padzuwa.
Bambo anga ankagwetseramo phulusa la fodya.

Tikusoka mathalauzi othina
a anthu othamanga m'mamawa ku Sea Point,
madzi m'botolo, nyimbo m'makutu.
Makumi anayi pa ola, atero akapitawo.
Nsaluyi ndi yoterera, imazemba singano,
umachita kuinyengerera ngati mwana wokana mankhwala.
Pachiuno ndimasokererapo kapepala:
gawo la ndalama zanu likapulumutsa
nkhono ya m'nyanja imene ikutha.
Ndakasokerera kambirimbiri
moti zala zanga zinakaloweza.

Ikutha, inde. Woimaliza ndikumudziwa.
Ndi Gershwin, anayamwa bere limene ndinasiya ine.
Ku Hawston mwezi ukabisala
amavala labala wake wakuda wong'ambika pabondo,
chigamba chake ndinaika ndine, ndi ulusi wa pano pomwe.
Amatenga tochi ndi kachitsulo kophwatalala
n'kulowa m'madzi ozizira ngati mpeni.
Chiphaso cha bambo chinakasowera mu ofesi ina m'tauni,
boti linawolera kuseri kwa nyumba,
nkhuku zikuikiramo mazira.

Ndi iyeyo anandiuza
kuti magazi a nkhonoyi saundana.
Ukaiphonya, n'kungoicheka pang'ono, n'kuisiya pamwala,
imakha mwakachetechete mpaka kufa,
madzi osasintha n'komwe mtundu.
Zaka zisanu ndi zitatu kuti ikwane chikhatho,
kuikanganula, kuphethira kumodzi.
Anayamba kunena akuseka.
Pomaliza sankasekanso.

Usiku umodzi wa Gershwin
unagula mankhwala a shuga a mayi miyezi itatu,
nsapato za sukulu za Chanté wanga,
malata awiri a pamwamba pa bedi langa.
Sindinafunse.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko,
ife tinangodutsa pa khomo lotsegulidwa kale.
Amene amadya nkhonozo kutsidya kwa dziko
sadziwa kuti khutu lake lakumanzere linaphulika,
kuti ukafuna kumuuza chinthu umazungulira.

Chanté uja pano anakula.
Amagwira ntchito ku Gansbaai, pa matanki oswetsera,
manja ake amanunkha ndere.
Pa Khirisimasi anatulutsa foni pathebulo:
onani, izi ndalera ine.
Tinkhono tonga chikhadabo cha khanda,
kalikonse ndi timabowo take m'mzere,
topumira.
Mu Febuluwale tikatibwezera m'nyanja, anatero,
kenako anazungulira thebulo
n'kukaima ku khutu lakumanja.
Malume, mudzatisiye tikule.

Mpunga unazizira m'mbale.
Mayi anayamba kufunafuna mchere umene unali m'manja mwawo.
Gershwin anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali,
nachikuza ndi zala zake zong'aluka,
ndipo anati:
ukatiike kozama, mwana wa mlongo wanga,
kumene mpweya wanga sungafike.

Lero ndi Lachinayi, mvula ikuwomba mazenera a fakitale.
Thalauzi la makumi atatu ndi chimodzi,
singano yandilasa pansi pa chikhadabo.
Kadontho kagwera pa msoko wa m'kati,
pamene woyendera sayang'ana.
Ndayamwa chala, ndawerenga mpaka khumi.
Magazi anga aundana.

Sabata yamawa wina adzalivala,
adzathamanga nalo m'mphepete mwa mafunde,
chigoba cha bambo chikunyezimira m'miyendo mwake,
kapepala kakumukanda pamsana.
Adzakadula ndi sizasi, ambiri amatero.
Ruwayda akundigunda ndi chigongono:
watsalira ndi awiri.
Ndaponda makina.