Kope la Mwera

Anandilemba ntchito yowerenga mphepo,
ine Twaibu, wolekeza Sitandade 6,
amene mphepo ndimaidziwira pakhungu la m'khosi
ndi fungo la madzi m'mwezi wa Juni.

Ndaziona Kambalame, mtsikana wa ku yunivesite,
anafika pa Chipoka ndi chitsulo chachitali pa lole.
Tinakachizika m'madzi, kutali ndithu,
kupitirira pomwe amathera a ngalawa zazing'ono.
Pansonga pake pali tizikho titatu
tothamangitsana tsiku lonse osagwirana.

"M'mawa uliwonse mupalase, mutsegule kabokosi,
mulembe nambala. Basi."
Anandipatsa kope, mabolopeni awiri,
ndi jekete lachikasu loti ndisamire.

Ndinafunsa: mphepo mukuiwerengeranji,
ili nanu ngongole?
Anaseka, nkujambula pamchenga ndi chala
chimakina cha mapiko atatu choima m'nyanja.
"Mwera womwewu, achimwene,
ukhoza kuyatsa babu kuchipatala,
kuziziritsa filiji ya katemera,
azamba nkuleka kubadwitsa ana
atalumira tochi ya foni pakamwa."

Sindinamuuze kuti mwera womwewu
unatenga mkulu wanga Sumaili ndi anzake anayi,
kuti tinatola nkhafi yokha patapita masiku atatu.
Wokuphera m'bale sumupezera ntchito kuchipatala.
Koma ndalama ya bwato inali yooneka.
Ndinayamba kulemba.

Lolemba, 7.2.
Lachiwiri, 9.
Lachitatu makina anati kunali bata maola atatu
pomwe ine chipewa chinali chitandiulukira.
Ndaziona anaimba foni mawu akunjenjemera.
Mawa lake ndinaipeza nkhani yake:
nkhwazi itakhazikika pa tizikho,
ikung'amba chambo, yosatekeseka.
Mu lipoti akuti analemba kuti chipangizo chinavuta.

Chaka chomwecho nyanja inakwera.
Sinabwere ndi mkokomo ayi.
Inabwera ngati mlamu wodzapempha mchere,
lero pakhonde, mawa ali kuchipinda.
Inadya mathandala a usipa,
inadya chimbudzi cha sukulu,
mango wa kwa a Mwanaisha anagwa chagada
mizu ikuloza kumwamba.

Ndinafunsanso: chimakina chanucho
chidzawaletsa madziwa?
Anayang'ana nsapato zake zonyowa
nthawi yaitali.
"Ayi."
Anthu ambiri a magalimoto afikapo pano,
woyankha choncho ndinali ndisanamuone.

Sabata yotsatira anabwera ndi anzake asanu,
waya, mapulayala, zala zosazolowera matuza.
Tinaluka madengu a waya, kuwadzaza miyala,
kumbuyo kwake tinabzala bango ndi vetiva.
Mafunde anagwetsa madengu awiri oyamba
usiku umodzi wokha.
Ine ndinatukwana.
Iye anatulutsa tepi, anayeza pomwe agwera,
analemba, nkuti tiyambirenso,
koma tsinde tilikulitse.
Akuti kugwa nakonso kuli ndi nambala yake.

Pano anabwerera ku Blantyre
kukaima pamaso pa aphunzitsi ake
ndi mphepo yanga ya miyezi khumi ndi inayi.
Chimakina sichinafike.
Mtengo wake atanditchulira
ndinaganiza kuti netiweki yadula mawu.
Azamba akadalumabe tochi.
Ndalama ya bwato inatha mu Okutobala,
ndipo mkazi wanga amafunsa
ngati nambala zimakazingika.

Komabe m'mawa uno ndapalasa.
Kope latsala masamba anayi,
bolopeni yachiwiri ikulemba mojejema.
Madzi akumenya bwato m'nthiti,
tizikho tikuthamangitsana mwamisala.
11.4.

Kumapeto kwa mzere kuli kadanga
komwe anati ndizilembamo zachilendo.
Nthawi zambiri ndimangoika nkhwazi, kapena nkhungu.
Lero ndalembamo kuti:
Sumaili, uja anakutenga uja
tikumuyeza khosi tsiku ndi tsiku,
goli lake silinasemedwe.

Pobwerera ndakocheza pa madengu aja.
Limodzi lapendekeka, waya wachita dzimbiri.
Bango landifika m'chiuno.