Ife a Gulu

Uthenga unalowa nkhuku zisanatsike,
ndili pakhonde la chipatala cha Nsanje,
simenti ikadatentha ndi dzuwa la dzulo.
M'katimo mwamuna wanga akubuula,
mwendo umene ng'ona inalawa potola nyika
utakulungidwa ngati mtolo wa fodya.

Foni inanjenjemera pamfundo ya chitenje.
Zikwi makumi asanu zalowa.
Pambuyo pake mawu:
"Ife a gulu la Tiyanjane takutumizirani kangachepe.
Lekani kutsukwala.
Mudye kaye, mwamva."

Ife.
Liwu lalifupi ngati khasu lakutha,
koma amayi khumi ndi asanu ndi anayi akhoza kubisalamo
osaoneka ngakhale chidendene.

Ine ndine msungichuma.
Bokosi lija tinalitsegula Lachitatu pansi pa msawu ku Bangula,
munali buku la ngongole, chidindo chouma,
ndi mphemvu yofa ndi njala.
Chigumula chitadya mapira tonse tinabwereka,
palibe anabweza.
Tsono ife ameneyu ndalama wazitenga kuti?

Foni ya gulu, yosweka galasi, yomangidwa ndi mphira,
imagona nyumba ndi nyumba ngati mwana wamasiye.
Sabata ino ili kwa Mai Alufandika,
amene m'buku amadinda ndi chala.
Iwo sanalembe.
Nachuma akalemba amayamba ndi vesi.
Felista Tchale amaika madontho ngati akufesa mchewere.
Mlembi wathu sangathe mzere popanda Chingerezi,
ndipo akanapereka iye,
bwenzi msika wonse utamva mpaka ku Tengani.

Ndinawerenganso, udzudzu ukundiimbira m'khutu.
Mudye kaye, mwamva.
Mwamva wopanda funso, wouma ngati kutseka chitseko.

Mwamva ameneyu ndimamudziwa.
Anandigwera kumaso chaka chatha kudimba,
Shire atasuntha malire usiku umodzi,
pamene Esinta Zuze anazula zikhomo zanga
nati, "Pano mpanga, mwamva."
Ndinamutchula dzina limene sindingabwereze pakhonde la odwala.
Chichokere tsikulo, pamsonkhano amakhala kuvuma,
ine kuzambwe,
ndalama zake amaponya pamphasa osandipatsa m'manja.

Ndinakana. Mwamva ali ndi mwini?
Aliyense ali ndi pakamwa.

Kutacha ndinaimbira mwana wanga Jesinawo,
ndimve za nyumba, za ufa, za nkhuku.
Iye anangoti, mongodutsa,
"Mbuzi yamawanga ya kwa a Zuze ija,
yomwe inkatidyera kholowa,
dzulo yakwera njinga kupita kumsika,
ikulira njira yonse."

Inali imodzi yokhayo.
Zina zonse madzi anatenga pamodzi ndi khola.

Ndinakhala pasimentipo, foni m'manja,
ikulemera ngati mwala wa mphero.
Ndinamuona m'maganizo akuoloka bwalo madzulo,
akubwereka foni kwa Mai Alufandika,
ati akatchajitse kugolosale,
chala chake chong'aluka ndi khasu
chikufufuza zilembo chimodzichimodzi,
chikudumpha ine, chikusankha ife,
kuti ndisakhale ndi khomo lobwezerako mphatso,
kuti manyazi anga asapeze nkhope yoyang'ana.

Ndinalemba, "Esinta."
Ndinafufuta.
Munthu akavala chinsalu kuti akuthandize
sumuvula pagulu.

Ndinalemba, "Takhuta nonse a gulu."
Ndinatumiza.
Ndipo ndinagula mbatata yootcha pageti,
ndinadya kaye, monga anandilamula.

Yankho linabwera dzuwa litafika paliwombo,
mbalame zitasiya kulira ndi kutentha:
"Ife talandira."

Madzi akaphwa tidzapitanso kudimba.
Zikhomo zija sindikudziwa kuti zidzaima pati.
Mwina tidzakanganabe,
mbuzi si malire.
Koma Lachitatu likubwerali
ndikayala chitenje changa chakuvumako pang'ono,
osati pafupi kwambiri,
poti angadziwe kuti ndinamva.