Mawu Obwerera

Lachinayi, pamsika wa ku El Alto,
mphepo ikucheka zala ngati lezala,
Remigia Limachi anaika foni patebulo langa
pamodzi ndi mahedifoni opiringizana ngati matumbo a nkhuku.
Anati: Ndikamayankhula ndi bambo anga
ndikumadzimva ndekha.
Ndikati mwadzuka bwanji,
kamphindi,
wina m'khutu mwanga akuti mwadzuka bwanji,
ndipo winayo ndine,
koma wotopa kuposa mmene ndimadzidziwira.

Ine ndine Wálter. Zaka khumi ndi chimodzi
pansi pa lona wabuluu yemweyu,
pakati pa wogulitsa maloko ndi mayi wokazinga nsomba.
Matenda a foni ndimawayamba ndi otchipa.
Kamtengo kotokosera m'mano
ndinakalowetsa m'kabowo ka chingwe, mwaulemu,
kanatuluka ndi ubweya wa m'thumba la juzi,
fumbi la chilimwe chonse,
ndi kanjere kamodzi ka mpunga.
Kamutu ka chingwe ndinakapukuta ndi sipiriti.
Ndinathimitsa foni, ndinayatsanso.
Voliyumu ndinaitsitsa kufika pakati,
pakuti mawu akasefukira m'khutu
maikolofoni imawatola n'kuwabweza komwe achokera,
ngati mwana womutuma amene sanamvetse.

Tinayesa. Anaimbira foni yanga: mbee.
Anaimbira mwana wake kusukulu ya unamwino: mbee.
Anaimbira bambo ake kumudzi, kuseri kwa mapiri a ku Sorata,
ndipo ndinaona nkhope yake ikudikira,
ikumva,
ikugwa.
Wabweranso, anatero.

Ndinati: Mayi, chingwe chanu n'chosalakwa.
Wodzimva yekha pafoni
kawirikawiri vuto silikhala m'manja mwake.
Mawu anu akufika uko, akutuluka pasipika mokweza,
akugunda khoma, akulowanso m'foni yawo,
n'kukwera basi yobwerera.
Afunseni aiika pati.

Bambo, foni mwaiika pati?
Chete.
Kumwamba ngolo za pawaya zinadutsa ziwiri, zitatu.
Patebulo, anatero Don Anacleto. Pasipika.
Chifukwa?
Chete wina, wotalikirapo.
Khutu lakumanzere linatseka mwezi wa Juni,
lakumanja likulondola mnzake.
Sindinafune kuti uwononge ndalama.
Komanso chichokereni amayi ako
nyumba ino imangoti zii.
Ndikakuika pasipika umafika mpaka kukhitchini.

Ine ndinayang'ana pansi,
ndinayamba kusanja tizitsulo tosanjidwa kale.
Ntchito yanga ndi mawaya.
Izi sanandiphunzitse.

Komabe ndinanena zomwe ndikudziwa:
aichotse pafupi ndi khoma,
aigoneke pabulangete lopinda, osati pathabwa,
atsitse pang'ono, asendere pafupi iwowo.
Kapena awa, mahedifoni ophimba khutu lonse,
a siponji yofewa, osataya mawu.
Maboliviano makumi atatu.
Kwa inu, makumi awiri ndi asanu.
Koma khutu lokhalo, mayi, lipite kuchipatala,
pano tilibe sipeya wake.

Anawerenga makobidi ndi zala zouma ndi chisanu,
foni ikadali pamzere.
Paketi anaiika m'nsalu yake ya kumsana
pamwamba pa anyezi.
Sanafunse za galanti.

Bambo, musaichotse pasipika lero.
Loweruka ndikubwera.
Anaima, mutu atapendeka,
ndipo ndinadziwa chimene akudikira:
kuti mawu aja azungulire chipinda,
akhudze kabati, mpando wopanda munthu, chitseko cha kukhitchini,
abwere adzamuuze yekha
kuti Loweruka akubwera.

Anagwedeza mutu ngati wamva kwa munthu wina.
Analowa m'chikhamu, chipewa chake chikuyandama
pakati pa matayala akale ndi mabulangete.

Wotsatira anali mnyamata wa sikirini yosweka.
Ndinamufunsa kawiri kuti yagwa liti,
poti koyamba sindinamve.