Wa Lendi Sabzala Pansi

Ndinakagula m'mphepete mwa msewu ku Kalingalinga,
pomwe mnyamata wina amandandalika mbande m'matumba akuda.
Dzina lake analitchula m'Chingerezi, kawiri,
ine n'kugwedeza mutu,
ndipo linanditayika ndisanakwere minibasi.
Chimene ndinasunga n'choti sikatalika:
"Kadzakulekezani m'chiuno, amayi, basi."
Ndinati chabwino. Kwathu ku Mtendere
bwalo langa ndi mapazi asanu ndi limodzi
kuchoka pakhomo kufika pakhoma la a Hamoonga.

Wa lendi sabzala pansi.
Ndinaboola chidebe cha penti ndi msomali wamoto,
n'kuikamo timiyala, dothi lofiira, zitosi zowolerana,
ndipo ndinakakhazika pamene dzuwa limalawirira
n'kuchedwa kutsanzika.

Mu Juni kanavula masamba onse.
Khungwa linayamba kufundula, kusiya tsinde losalala ngati chigongono.
Mai Chisenga, ali ndi mapegi kukamwa, anati:
"Kafa ako. Zula, ubzalepo repu, udyeko."
Ndinakanda nthambi ndi chikhadabo.
M'kati munali mobiriwira, monyowa.
Sindinawayankhe.

Ogasiti atafika ndi fumbi lake lolowa m'mano
ndinatenga sizasi yakale imene nsalu inaikana,
n'kuchotsa nthambi zouma, zopingasa, zokhulana,
ndi timphukira ta patsinde takuba chakudya.
Telala amadziwa kuti woopa kudula sasoka diresi.
Amadziwanso kuti chodulidwa sichibwerera,
choncho ndinaleka dzanja lisanamve kukoma.

Okutobala anaumitsa mpopi masiku anayi.
Chigubu chimodzi: chophikira, chosambira, chochapira yunifolomu ya Tionenji.
Kamtengo kankalandira otsukira mpunga,
patsinde, madzulo, osati pamasamba,
pakuti ukakanyowetsa kumutu kamachita chuku choyera ngati ufa.
Nyerere zikayamba kukwera pamzere
ndinkadziwa kuti nsabwe zamanga mudzi kuseri kwa nsonga.
Ndinkaziphwanya ndi chala, imodziimodzi,
magetsi atazima, makina anga ali chete.

Ndiye mvula. Ndiye Disembala.
Mmawa wina potaya madzi ndinaima ndi beseni m'manja:
nsonga zonse zitasenza maluwa
a mtundu wa m'kati mwa gwafa,
opyapyala, amakwinyamakwinya,
ngati nsalu ya mkwatibwi yoiwalika pansi pa sutikesi.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikuthamangitsa makwinya ndi simbi.
Awa sindinawakhudze.
Mai Chisenga anadutsa kawiri opanda choti atenge.

Chaka chachitatu a Hamoonga anabwera ndi kalata.
Mwana wawo akukwatira, chipinda chikufunika.
Tinakweza makina, matiresi, mbaula,
tinakweza chidole chopimira madiresi chopanda mutu chija.
Chomaliza chinali chidebe.
Ndinanyamula, chinakana.
Tionenji anagwira mbali ina, chinakanabe.
Tinagwada kusuzumira:
mizu inali itatulukira m'mabowo anga a msomali,
n'kupeza mng'alu wa simenti,
n'kutsikira m'nthaka ya eni ake
popanda kufunsa munthu, popanda risiti.

Dalaivala ankaliza hutala.
Mwana anandipatsa mpeni.
Ndinauyang'ana, ndinayang'ana tsinde,
lonenepa tsopano ngati dzanja la khanda,
ndipo ndinadula kumwamba, osati pansi:
timitengo titatu, totalika ngati pensulo.
Ndinatikulunga m'kansanza konyowa,
kotsala pa diresi la munthu amene sanamalize kulipira.

Mai Chisenga anaima pakhomo, manja m'chitenje.
Ndinati, "Kakavula mu Juni, musakazule."
Anati, "Ndinaona."
Ndinati, "Madzi patsinde."
Anati, "Pita, galimoto ikusiya."

Pano ndili ku Chawama. Bwalo ndi mapazi anayi.
Pa titatu tija, kamodzi katulutsa tsamba,
laling'ono, lofiirira, losakwana batani la malaya.
Chidebe ndaboola kale.
Mabowo ake ndawakulitsa pang'ono.