Waya Wachitatu

Galimoto iyi inabwera ndi lilime la kwawo.
Wailesi ikayaka imalemba timitengo topingasa
toti palibe angawerenge pa Mangochi pano,
ndipo ikafika pa nainte imaima nji,
ngati bulu wokana mlatho.

Ndaimika pansi pa mtengo wa nimu ku M'baluku.
Ndayamba ndi kuchotsa mutu wa batire,
pakuti fiyuzi yomwe ndinapsereza mwezi watha
ikundinunkhirabe m'mphuno.
Pulasitiki ndatokosa ndi mpeni wa pagome.
Masikuluwu anayi ndaika m'chitsekero cha botolo,
limodzi lagubudukira pansi pa giya.
Likhale konko.

Kuseri kwa wailesi ndi matumbo a mbuzi okhaokha.
Jafali wokonza mafoni pa msika
anandijambulira mapu pa katoni ya sopo:
apa kumanzere, apa kumanja, apa wapansi.
Anati awiriwa ndiwo anyamula mawu,
wachitatuyu salankhula kanthu,
koma ukamusiya, onse abwebweta.

Ndadula mahedifoni akale a mlongo wanga Asiyatu
(adzadziwa mawa).
M'kati muli timawaya ngati ndevu za chimanga,
kofiira, kobiriwira, ka mkuwa.
Ndatiwaula nsonga ndi machesi.
Magetsi anapita m'mawa osatsanzika,
ndiye msomali wa sikisi inchi uli pa mbaula,
ndaugwira ndi pulayala,
mtovu ukulira tsii,
dontho limodzi lasankha bondo langa
nthawi yomwe mzikiti wayamba kuitana.
Chitukwano ndachimeza chotentha.

Kuyesa koyamba: mavu.
Zitseko zonse zinayi zikung'ung'udza.
Wachitatu uja wathothoka.
Ndabwerera ku makala, thukuta likudontha m'chigongono,
ana a kwa neba aunjikana pa windo
kufunsa ngati muikidwe kanema.

Sindikuvutikira nyimbo ayi.
Twaibu ali ku Joni, chaka chachinayi tsopano,
ndipo Lachisanu lililonse amatumiza mawu pa foni.
Makutu a mayi anayamba kutseka zitseko.
Amakanikiza foni patsaya mpaka itenthe
n'kundicheukira: akuti chiyani?
Ndiye ine ndimakhala waya wawo.
Ndimati akuti ali bwino,
akuti ntchito ilipo,
akuti abwera ikatha Ramadani.
Zina ndimasenda n'kutaya
ngati khungu la waya.

Kuyesa kwachiwiri: zii.
Bata loyera, lodikira munthu.

Ndawatenga pa khonde, ndawakhazika kutsogolo.
Akuti tikupita kuti ndisanasinthe chitenje?
Ndati sitikupita, kukubwera mlendo.
Ndatseka mawindo, ndalowetsa kamutu m'foni,
ndapotokola mpaka pa twente.

Amayi.

Mawu atuluka m'chitseko cha kumanzere,
m'chitseko cha kumanja, kuseri kwa mipando,
Twaibu yense wadzaza galimoto,
ndi mpweya wake, ndi sitima ikudutsa kumbuyo kwake,
ndi kachizolowezi kake komeza malovu asananame.
Mayi agwira sipika ya pachitseko ndi chikhatho
ngati akuyesa mphumi ya mwana.
Ayankha. Ndawasiya ayankhe.

Kenako pakati pa ntchito ilipo ndi ndibwera
pamveka chija ndakhala ndikusenda miyezi itatu,
chouma, chochokera pansi pa nthiti,
kawiri, kenako kachitatu.

Sanandiyang'ane msanga.
Ayang'ana wailesi ili lende pa mawaya ake,
tepi yakuda, mtovu wosongoka ngati chiswe chaumba,
bondo langa lotupa.

Mwanayu akutsokomola.
Unamva liti iwe?

Kunja wa kabaza akuimba belu kuti ndamutsekera njira.
Masikuluwu atatu ali m'chitsekero, akudikira.
Ndatsegula pakamwa, mwatuluka mavu okhaokha.

Bwezera, atero mayi.
Kweza pang'ono.
Ndipo iwe ukhale chete.