Jekete Yobiriwira pa Msika wa Moatize

Belo ndinaligula Lachiwiri, kutsidya kwa mlatho,
ndi ndalama za mbuzi ziwiri ndi ngongole ya kwa Ermelinda.
Kuno timati kalamidadi.
Ophunzira amati m'Chipwitikizi dzinalo ndi tsoka,
koma ife tsokalo timagula, timasenza pamutu,
timalipempherera tisanalimasule.

Ndinadula waya ndi mpeni wobwereka.
Linausa moyo ngati ng'ombe yokhuta,
fungo la nyumba za eni ake n'kutuluka.

Ndinkafuna madiresi opepuka, tiakabudula ta ana.
Munatuluka majekete.
Makumi anayi, aubweya m'khosi, olemera ngati khanda,
mu Novembala,
pamene mbuzi zimalimbirana mthunzi wa pholo la magetsi
ndipo phula limakakamira ku patapata.
Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti.

Ndinapisa m'matumba, monga timachitira tonse mwakabisira.
M'jekete yobiriwira munali tikiti ya sitima,
mapiritsi asanu ndi limodzi osamatula,
ndi chithunzi cha galu wovala juzi,
atagona pampando wofewa.

Tikitiyo ndinaitembenuza kawiri.
Kwawoko sitima imadikira munthu akhale pansi.
Imene ndimaiona ine imadutsa kuseri kwa msika,
mabogi akuda okhaokha.
Gervásio anawerenga mpaka zana, anatopa.
Imapita kunyanja ndi phiri lathu,
ife n'kutisiyira fumbi pa tomato,
m'mphuno, m'chifuwa cha mwana usiku.

Koma mapiritsiwo ndiwo anandikhazika pansi.
Mwezi watha ndinafola kuchipatala kuyambira tambala woyamba,
Zefinha akutentha kumsana kwanga ngati mbaula,
kufika pazenera akuti atha, kaguleni.
Ndiye kuli dziko kumene munthu
amaiwala mankhwala m'thumba
monga ine ndimaiwalira njere ya masau?

Iwe mwini jekete, sindikukudziwa.
Ndikudziwa kuti mikono yako ndi yaitali,
kuti umatsamira chigongono chamanzere, pamenepo payera.
Mwina unaipereka ndi mtima woyera,
unati ikafunditse wosauka.
Sunauzidwe kuti mphatso ikawoloka nyanja imamera mtengo,
kapena kuti umphawi wathu si wozizira.
Sindikukuimba mlandu.
Ndikungofunsa: chitsulo cha sitima yakoyo
anachisungunula ndi moto wochokera kuti?
Pamene panali munda wa mapira wa bambo anga
lero pali dzenje loti tchalitchi n'kulowamo ndi mtanda womwe.
Mwina tinakumanapo kale, iwe ndi ine,
iwe ukuwotha, ine ndikutsokomola.

Usiku nthambo zochokera ku Songo zimalira pamwamba pathu
ngati njuchi za mwini,
zikuthamangira kukayatsa mizinda yakutali.
Pansi pake Zefinha amalemba masamu
ndi kuwala kwa foni yosweka galasi
mpaka batire litakomoka.

Juni akadzafika ndidzakwera shapa ya ku Tsangano,
kumene alimi a kachewere amadzuka mano akugogoda.
Kumeneko adzagula, Ermelinda adzalandira zake.
Pakadali pano majekete ndawayala pansi,
ndipo sitinagonepo pofewa chotere.

Mapiritsi ndawasunga m'chitini cha singano.
Sindikudziwa chimene amachiza,
koma dzanja likukana kuwataya.

Galu uja Zefinha wamumata pakhoma ndi phala la chinangwa,
pafupi ndi kalendala ya chaka chatha.
Wamutcha Dotolo.
Dzulo anamuyang'ana nthawi yaitali, chala chili pakamwa,
kenako anati:
Amayi, juzi ya Dotolo ndi saizi yanga.
Akadzatopa nayo,
nayonso idzabwera m'belo?