Mwendo wa R

Mayi Nankhoma abwera ndi chithunzi m'foni:
chikwangwani cha golosale ya malemu amuna awo ku Mchesi.
Utoto wasuluka, dzimbiri ladya ngodya
pamene wolemba amasiya dzina lake.
"Ndikufuna zilembo zomwezi," akutero, "osati achibale ake."

Ndaika chithunzicho pakompyuta.
Makina aganiza, aganiza,
kenaka andikhuthulira mayina khumi achizungu,
lililonse ndi nkhope yosalala ngati losita.
Palibe n'limodzi lomwe.

Chaka chachisanu ndi chimodzi chino ndili pantchitoyi.
M'minibasi ya ku Kawale anzanga amaŵerenga mawu,
ine ndimayang'ana misana ndi miyendo.
Zilembo za mabanki n'zoonda, sizivala nsapato.
Za m'nyuzipepala zili ndi timapazi,
zimayenda mondondozana ngati linthumbu.
Za matchalitchi a m'matenti n'zonenepa, zimakuwa,
pomwe za okhoma mabokosi a maliro
zimaŵerama pang'ono ngati zikupepesa.
Kaŵirikaŵiri amaulula mtundu ndi g:
wina mimba imodzi, wina ziŵiri.
Ndipo alendo ambiriŵa akafika pa ŵ chipeŵa chimaŵasoŵa,
amangosiya kabokosi kopanda kanthu
pakati pa dzina la munthu.

Koma R uyu.
Mwendo wake wautaya kutali, wapindika kunsonga,
ngati munthu wolumpha ngalande ya ku Malangalanga m'dzinja.
S mutu wamkulira.
Kachipeŵa ka ŵ katsamira kumanzere.

Ndinali Sitandade 3 pamene ndinkagwira chitini cha utoto
m'munsi mwa makwerero, khosi likuŵaŵa,
malaya akununkha parafini.
Bambo ankaseka anthu akamayamikira mwendowo.
Sankachitira dala:
burashi inali itathothoka mbali imodzi,
ndipo ndalama yogulira ina
inkathera pa makope anga.

"Mwazipeza?" afunsa mayi aja. "Dzina lake n'chiyani?"

Ndatsegula pakamwa.
Panja wakabaza akuliza belu, magetsi aphethira,
mnzanga Lonjezo akukangana ndi kasitomala za chenji.
Dzinalo landifika pakhosi, lili pachiphaso changa chomwe,
koma ndameza.
"M'makinamu mulibe," ndatero. "Mubwere Lachinayi."

Poŵeruka ndidzera pa Bwalo la Njobvu
kugula burashi ndi kachitini ka utoto wofiira.
Usiku, ana atagona,
nditenga lezala
n'kuimeta mbali imodzi.